Kuseka kwa Kambalame

9 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Ababa. Ife kuno tilipo, koma ndalemba chifukwa cha mdzukulu wanu, Kambalame.

Mukukumbukira kuseka kwake kuja kongoyamba popanda choseketsa? Tonse tinkati ndi mwana wansangala. Mwezi wathawu aphunzitsi ake anandiitanitsa. "Mayi, mwanayu akamaseka maso amangoti tong'o, ndikamuitana samva." Nditamufunsa kunyumba anati, "Amama, ine sindifuna kuseka. Kumangobwera kokha, ndiye ndimaopa."

Kuchipatala anamumata timawaya m'mutu monse. Iye n'kumati wasanduka wailesi, anamwino n'kumaseka. Pakompyuta panayamba kuyenda mizere yokwera ndi kutsika ngati mafunde. Adokotala anati ubongo wa aliyense uli ndi kagundidwe kake, kodekha munthu akagona, kofulumira akadzuka. Tili pomwepo kuseka kuja kunamugwira, mizere ija n'kusokonekera ine ndikuona.

Atamujambula m'mutu anapeza kachotupa konga kanyemba pansi pa ubongo, pamalo amene amalamulira tulo, njala, ludzu ndi kutentha kwa thupi. Akuti timaselo ta m'kachotupako timadzidzimuka tonse pamodzi ngati anthu oomba m'manja, ubongo n'kutengeka nato. Mankhwala tayesa, sakugwira.

Ndinafunsa kuti, "Mukakachotsa, mwana wanga adzakhala yemweyu?"

Adokotala anayamba ayang'ana patebulo. "Ambiri amapeza bwino, mayi. Koma malowo ndi ovuta. Ena amatsala ndi njala yosatha, ena amaiwalaiwala."

Bambo ake anangodzuka n'kutuluka panja. Ndinatsala ndekha ndi cholembera m'manja, ndipo ndinasaina pepala lovomera kuti akachotse. Opaleshoni ndi Lachinayi la sabata yamawa.

Kambalame mwiniwake ndangomuuza kuti akukamumeta. Dzulo amandifunsa ngati tsitsi lidzamere msanga, poti akuti agogo akadzaona mpala wake adzamuseka. Ndinathawira kubafa, n'kutsegula mpopi kuti asandimve.

Mundiperekere moni kwa Ababa. Ndi mtima wawo wodwala uja, mungowauza kuti tonse tili bwino. Moninso kwa achemwali ndi ana. Koma inu Amayi, ngati miyendo ingalole, kwerani basi. Bambo ake a Kambalame anena kale kuti pabenchi la pakhomo la chipinda cha opaleshoni sangathe kukhalapo. Ine ndidzakhalapo, koma ndikuopa kudzaimirira ndekha chitseko chikadzatseguka.

Ndine mwana wanu,
Make Kambalame