Mbendera Imene Ndinazika Pambali

Almora, 14 Meyi 1968

Okondedwa Achemwali Kausalya,

Ndikhulupirira kuti mulungu wathu wamkazi, Mayi Nanda, akukusungani bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga chifuwa cha amayi chinaleka? Ine kuno ndili bwino, mwina kuposa mmene ndikuyenera.

Ndili ndi mlandu woti ndiulule, koma musade nkhawa, unathera m'kuseka.

Paja ntchito yanga ndi kukwera mapiri ndi mbendera. Ndimaiimika pamwala umene oyeza malo akale anakwirira pansonga, ndipo abwana athu, Bambo Nautiyal, amaiyang'ana ali paphiri lina ndi makina awo a miyendo itatu, n'kumalemba manambala ojambulira mapu.

Sabata yatha mwala wina ndinaupeza utasanduka kachisi. Anthu a m'mudzi wapafupi anaupaka utoto wofiira, kuuveka maluwa, n'kuumangira kampanda. Achemwali, ine ndibaye mtengo pamalo otero? Ndinazika mbendera mapazi khumi pambali, osauza munthu.

Masiku atatu manambala a abwana anakana kugwirizana ndi a m'buku la oyeza malo akale aja. Anapukuta galasi la makinawo, kubwereza, kubwerezanso. Tsiku lachitatu anakankha mbale ya chapati, nati maso awo atha, alemba kalata yosiya ntchito. Munthu amene watha zaka makumi atatu akuyeza mapiri! Ndinagwa pamapazi awo n'kuulula zonse, ndikudziwa kuti mawa lake ndikulunga bulangete langa.

Abwana anandifunsa kuti iwe, wati mapazi angati? Nditati khumi, anawerengera papepala, n'kuphulika kuseka mpaka chipewa kugwa. Akuti ndine bulu wopemphera, koma bulu amene wawabwezera maso, pakuti kusiyana kumene ankapeza kunali kwa mapazi khumi ndendende.

M'mawa mwake tinakwera tonse kukaonana ndi wansembe wa pakachisipo. Mkuluyo anaseka nafe. Anati amene anasenzera oyeza malo akale mwalawo ndi agogo ake, ndipo anaupaka zofiira kuti anthu asauzule n'kukamangira khola la mbuzi. Maluwa anabwera pambuyo. Akuti Mayi Nanda, mwini kachisiyo, sadana ndi mbendera, bola tivule nsapato. Mukanaona abwana akuimika makina opanda nsapato, akudumphadumpha ndi minga, uku akundilalatira kuti zonsezi n'chifukwa cha iwe! Manambala anagwirizana tsiku lomwelo.

Ntchito ndikadali nayo. Komabe mtima ukunditsutsa, chifukwa masiku atatu ndinkaonerera mkulu akudzikayikira, ine pakamwa nditatseka. Chonde, pemphani amayi akayatse nyale ndi kupereka kokonati kukachisi wa kwathu m'dzina langa. Muwauze nkhaniyi mmene ilili, musandikometsere.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Parvati, ndi kwa ana onse. Mayi Nanda akufungatireni.

Ndine mlongo wanu,
Trilochan