Manyoki Asanduka Phala

Ornella wanga,

Usavundukule poto wamkuluyo. Paja adokotala anati ndichepetse mimba? Ndiye ine katswiri ndachepetsa ufa m'manyoki, timibulu tathu ta mbatatesi tija, n'kuphatikizanso mbatatesi zatsopano, zamadzi zija. Nditangoponya timibuluto m'madzi owira, tonse tasungunuka. Ndaphika phala, mkazi wanga.

Ndathamangira kugolosale kwa a Settimio kukagula mbatatesi zokhalitsa kuti ndidzaphikenso. Soseji ndi masamba zapsa bwino, ungozitenthetsa.

Amayi ako sadziwa Lachinayi lopanda manyoki. Akafika, uwakhazike pakhonde, uwathirire vinyo, uwafunse za bondo lawo. Akangolowa kukhitchini ndatha ine. Zaka makumi awiri akhala akunena kuti manja angawa ngodyera basi.

Pepa. Phalalo usataye, ndidya ndekha mpaka Lamlungu. Mimbayi iphwa ndithu.

Fulvio wako