Kiyi wa galimoto ndili naye ine, Amayi

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo, koma ine mtima sunakhale pansi. Ndiyambe ndi zabwino, mungati Esinati amangobwera ndi milandu. Felesiya, mwana wanu wotsiriza uja, anabereka mwana wamkazi nthawi ya dzinja, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu ndithu. Chimanga chakumtunda chachita bwino, nkhokwe yadzaza. Abambo akuyenda, kungoti miyendo imatupa, ndipo mankhwala awo timakatenga ku boma mwezi ndi mwezi.

Tsono nkhani ndi ya galimoto ija. Mukukumbukira tsiku limene inafika pakhomo, yaitali msinkhu, matayala ngati a thirakitala? Inu munagulitsa ng'ombe zanu, ife ana tinasonkha, kuti mvula ikadula msewu wa kuno ku Kasinje wodwala asamafere panjira. Munaisisita pachitseko n'kunena kuti, "Iyi ndi miyendo ya pakhomo pano, si ya munthu mmodzi." Inuyo inakunyamulani katatu kokha. Kachinayi munali m'bokosi.

Titangokuikani, achimwene a Lameki anati galimoto ikakhale kwawo ku Blantyre, poti odziwa kuyendetsa ndi iwo, ndipo kuno ingachite dzimbiri. Anati ikafunika tizingoimba foni. Tinavomera, misozi inali isanaume.

Amayi, mwana wanu anakawotcheretsa chitsulo kumbuyo kwa galimotoyo, n'kugula kalavani. Ndi kanyumba koyera ka matayala awiri, muli bedi, mbaula, ngakhale chimbudzi momwemo. Loweruka likafika amakakoka kupita nako kumapiri ndi kunkhalango pamodzi ndi anzawo akuntchito. Msewu wa tala amausiya dala, kufuna matope ndi miyala. Munthu amene munamulera m'nyumba yodontha, mukumufunditsa thumba la feteleza, lero akuyenda mtunda wautali kukagona patchire, akuti n'kupumula!

Zimenezo ndikanangoseka. Koma sabata imene Felesiya anayembekezera kuchira, achimwene analonjeza okha kuti galimoto ikhala ili kuno. Siinabwere. Matenda atayamba, anamwino anati mwana wakhala mopingasa, tithamangire naye ku boma. Ndinaimba foni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, osalowa. Tinamugoneka pa ngolo, mvula ikuwaza, ine nditamugwira mutu kuti usamamenye thabwa. Pamsewu tinaimitsa lole ya makala. Felesiya anafika kuchipatala ali bii, milomo itauma, sakundizindikiranso. Anamung'amba, n'kupulumuka onse awiri. Patapita masiku awiri foni yanga inalira. Zinali zithunzi: galimoto yanu ili pamwamba pa phiri, kalavani kumbuyo, alamu, akazi a achimwene, akuwotcha nyama. Ndinali pa benchi ya m'chipatala, chitenje chili makala okhaokha.

Sabata yatha achimwene abwera ndi alamu, ati kudzaona mwana. Anafika ndi kalavani yawoyo, ndi galimoto ina ya anzawo. Ine ndinali nditasesa m'nyumba mwanu, ndayala mphasa zatsopano. Iwo anati ayi, akagona kumtsinje, pansi pa mango munabzala aja. Ndinawauza kuti kudimba kulibe njira ya galimoto, komanso tangothirira kumene. Anaseka.

"Mlongo, iyi imakoka ndi matayala onse anayi. Palibe pamene ingakanike."

Anadutsa pa ngalande. Ngalande inagumuka, madzi onse n'kuthawira kunsi. Anapondaponda nazale ya mpunga imene Abambo anafesa ndi manja awo otupawo, kenako galimoto inamira mpaka m'zitseko, kalavani itapendekeka ngati dengu lotayidwa. Matayala ankangozungulira, kumwaza matope ndi mbande. Anzawo aja ankaseka, akujambula pa foni. Abambo anaika ndodo pansi, n'kuwerama kuyamba kutola mbande imodziimodzi. Amayi, pamenepo m'maso mwanga munada.

Galimoto inatuluka ndi ng'ombe zinayi za a Mbewe, oyandikana nafe aja. Zinaikoka mpaka pabwalo, kalavani n'kutsala komweko. Achimwene anatsika kukasamba matope, kiyi atamusiya m'galimoto. Ndinamuzula, n'kumumanga pansonga ya chitenje.

Atabwera anatambasula dzanja. "Bweretsa kiyi, Esinati. Usandichititse manyazi pamaso pa alendo."

Ndinati, "Manyazi mumawadziwa inu, achimwene? Manyazi ndi mlongo wanu kulowa m'chipatala pa lole ya makala, galimoto ya mayi ake ili kuphiri. Mwadzaona mwana, mwamunyamula? Nanga kumanda kwa Amayi, poti mumakonda njira zoipa, mwafikako?"

Achimwene anayang'ana Abambo, amene ankabwera pang'onopang'ono mbande zili m'chipewa, kenako anayang'ana pansi. Madzulo asanakwane anakwera galimoto ya anzawo, alamu ali ndwii pampando wakumbuyo.

Ndikudziwa zimene mukananena. Mukanandikokera kuseri kwa khitchini n'kuti, "Wogwira khala ndi amene amayamba kupsa." Mukanatinso ndi mkulu wanga. Sindikukana. Sindinaiwale kuti mukudwala ndi iwo ankakusambitsani mapazi, ndipo pamaliro panu analira kuposa tonse. N'chifukwa chake zikundiwawa chonchi. Akanakhala munthu wouma mtima chibadwire ndikanangomusiya. Koma inunso, Amayi, ndili nanu mawu. Munkaona kuti mwana wanu wamwamuna akatenga chinthu sabweza, kuyambira wailesi ya Abambo ija, koma munkangoti musiyeni adzakula. Wakula tsopano, imvi zayamba, ndipo mwatisiyira ife.

Ngalande taikonza, ine ndi mwamuna wa Felesiya, masiku atatu tili m'matope. Mbande zimene Abambo anatola tawokera, zina zagwira. Mpunga ukhalapo, koma wochepa. Kalavani idakali kudimba, yopendekeka chomwecho, anthu opita kumtsinje amaima kusuzumira pawindo. Ayitenge ndi chimene angaitengere.

Galimoto ili pansi pa mtengo pabwalo, taitsuka. Mai Phiri, aphunzitsi a kusukulu aja, amadziwa kuyendetsa, ndipo ayamba kundiphunzitsa akaweruka. Dzulo ndagunda mtondo wanu wosinjira, wang'aluka pang'ono, mundikhululukire. Koma ndikuphunzira.

Achimwene akadandaula kwa amalume, alongo anu a ku Manjawira, ndipo atiitana tonse Loweruka likudzali. Ndikulonjezani kuti sindidzakweza mawu. Ndidzagwada monga munandiphunzitsira, ndidzawapatsa achimwene madzi osamba m'manja, ndidzawatchula ndi ulemu wawo wonse. Koma kiyi sindipereka.

Ndine mwana wanu amene amakusowani tsiku lililonse,
Esinati