Golo la pamunda wa atate

Loweruka, kumapeto kwa Okutobala. Kunja kwatentha, koma mtima wanga wazizira.

Anyamata a pakoleji apambana lero, zigoli ziwiri kwa chimodzi, ndipo satuluka mu ligi. Ndapuma. Chiyambire chaka anali asanapambanepo pakhomo, ndipo anthu kuno ku Chiparamba amati ndine ndinamanga golo lawo ndi mankhwala, poti bwalolo analilambula pamunda wa mtedza wa malemu atate, ine ndikukana. Ngakhale kutchalitchi amandisiyira benchi ndekha.

Ndinapita dala kukaonera. Ndinaima kuseri kwa golo lomwelo, manja poyera, kuti aliyense aone. Akanagonja, kaya nyumba yanga ikanagona ndi denga. Chigoli chachiwiri chitalowa, mphunzitsi wawo Tembo anandithamangira.

"Agogo, zikomo mwamasula!"

Ndamasula chiyani ine? Ndinangoti, "Mwanawe, aphunzitse anawo kumenya mpira."

Ndiye kuti dzina langa silinayere, koma ndigona mwamtendere. Za munda uja palibe watchulapo. Mtedza wake unkabereka bwanji, makamaka pomwe aimika golo paja...