Munda Wopachikidwa pa Mpweya wa a Festy

Lolemba, 8 Sepitembala 1856

Bwana Hackett anditumanso kwa a Conneely kukaona ngati mdala Festy akupumabe. Kachitatu mwezi uno! Ine Durkan, kapitawo wa malo onse a Knockbrack, woyang'anira ng'ombe ndi alendi makumi anayi obwereka minda ya bwana, ndasanduka khwangwala wosuzumira nkhalamba pabedi. Chikalata cha munda wawo chinalembedwa pa miyoyo ya anthu atatu. Awiri anatisiya kalekale, watsala Festy. Akadzangotsinzina pangano latha, ndipo H. akufuna kugwetsa nyumbayo n'kuikapo nkhosa. M'nyumbamo muli mlongo wanga Sabina, mwamuna wake Thady, mwana wa Festy, ndi ana asanu.

Mdalayo wandilandira ndi chipongwe chake chija. "Ukamuuze bwana wako kuti ndadya mbatatesi zinayi. Makoko ndamusungira."

Lachitatu, 10 Sepitembala

H. akuti makoma amiyala amene Thady anamanga ndi manja ake akhala bwino pa khola. Ndinati inde bwana. Pakamwa pangapa pakundinyansa.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Festy wapita m'mawa uno. Thady anandikokera kuseri kwa khola la ng'ombe, maso ali psuu.

"Alamu, masabata atatu basi, tikumbe mbatatesi. Zikakhala m'nthaka, ajawa ati n'za mwini nthaka, ndiye ana adya chiyani m'chisanu? Sitilira, sitichezera. Tiwaika mwakachetechete kutchalitchi chakale chija. Inu mungonena kuti akupuma."

Ndavomera. Madzulo ndauza H. kuti akupuma, koma movutikira. Mapanga awiri avumbwitsa, ndikudziwa, sipafunika wina wondikumbutsa.

Lachisanu, 12 Sepitembala

Zatha. Zonse zatha, ndipo wazithetsa ndi Nappy, mlongo wake wa Thady wokwatiwa kuseri kwa phiri. Wamutsina khutu ndani, kaya. Anafika masana, Thady n'kumugwadira pakhomo penipeni kuti akhale chete. Sabina akuti Nappy anangomuyang'ana n'kunena, "Bambo anga si galu woti mukwirire kuseri kwa khoma. Maliro onse a m'chigwa chino anachezera, iwo apite opanda wowalira?" Basi anamasula tsitsi, naima pakhomo, nabuma.

Ine ndinali pamtunda ndi H., tikuona phazi la ng'ombe yotsimphina. Kulirako kunakwera phiri lonse. Kenako akazi a nyumba zina anayamba kulandira, uku ndi uku, monga mwa mwambo wathu. Palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza za munda.

H. anapukuta manja pang'onopang'ono. "Movutikira ndithu, eti Durkan?"

Loweruka, 13 Sepitembala

Ndakwiya ndi aliyense. Nappy adzabwerera kwawo kumene denga lake palibe walikhudza, wasiya ana a eni ake pamtetete chifukwa cha nyimbo ya maliro. Thady nayenso chitsiru, munthu angabise maliro m'dziko lino? Nanga ine, amene ndinanama bodza lokhala tsiku limodzi lokha?

Ndinapita kukachezera. Makaliwo, fodya, makandulo, zonse zatuluka tsopano, poti chobisa palibenso. Nditakhala pabenchi anthu anasunthira uko. Wina anati, "Bisani fodyayo, galu wa bwana wafika," ena n'kuseka chamumtima. Chondipweteka kwambiri n'chakuti Nappy atayambanso kubuma, kutchula minda imene bambo ake anachotsamo miyala, misozi inanditsika. Amalira bwino mkazi ameneyu, Mulungu amukhululukire. Ine sindinafike pomukhululukira.

H. wandipatsa kalata yowachotsa. Akuti ndikaipereke mawa kumanda, pamaso pa alendi onse, ena atengerepo phunziro. Ndikapanda kutero, nanenso ndituluke m'nyumba ya ukapitawo ndi ana anga.

Lamulungu, 14 Sepitembala

Itatha Misa tinapita kukanyamula mdala. Mvula yowaza. Onyamula bokosi anali atatu, mbali yachinayi anthu akuyang'anana. Ine ndinaima kuchipata, dzanja lili m'thumba la jekete.

Sabina anatuluka, shawelo ali kumutu, nabwera molunjika kwa ine. Sanalire, sanatukwane. Ndikanakonda akanatukwana.

"Achimwene, tulutsani dzanjalo."

Ndinatulutsa lopanda kanthu. Iye anapisa yekha m'thumbamo, natenga kalatayo, naiika pachifuwa osaitsegula. Anthu onse akuona.

"Mwapereka. Mukawauze bwana anu kuti mwapereka, ana anu agone m'nyumba," anatero. "Tsopano kagwireni bokosilo. Latsala phewa limodzi."