Ndisiye Afufute Mawu a Malemu Apongozi?

Aphungu,

Mtima wanga wadzaza ndulu. Kompyuta ya apongozi anga aamuna ndinaikamo Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta, ndine, ndipo ikavuta ndakhala ndikuikonza popanda ndi zikomo yemwe. Mmenemo muli nyimbo zimene malemu apongozi aakazi ankajambula akuimba ali pa mashini awo osokera. Kulibe kwina kulikonse kumene zinasungidwa.

Ndiye kwabwera mkamwini watsopano, mwamuna wa mng'ono wa mkazi wanga. Ife timawatcha a Zonsendimadziwa. Anafuna pulogalamu yodulira mavidiyo a ukwati wawo, n'kukaitenga ku magwero achilendo a pa intaneti. Kenako anati akweze Linux yonse ikhale yatsopano. Kompyuta itaonetsa zimene ichotse, anangovomera osawerenga. Lero ukaiyatsa, sikirini ili bii, tizilembo toyera basi, ndipo ikudandaula kuti mapakeji ena, tizigawo ta mapulogalamu, akudalira anzawo amene kulibe.

Mukudziwa zimene apongozi ananena? "Bambo, zinthu zanu zaulerezi ndinkazikayikira kale." Ine! Mnzangayo ali phee pa sofa, akumwa tiyi. Iyeyo akuti abwera adzafomate, kutanthauza kufufuta zonse, aikemo zina, ndipo apongozi akuombera m'manja. Palibe amene wakumbukira za nyimbozo, ngakhale mkazi wanga akuganiza kuti zili mu foni ya wina.

Ndikufuna ndikhale chete, afufute, aone okha munthu amene akumutamayo. Ndikulakwa?

W.D.

A W.D.,

Mukulakwa, ngakhale kuti kupsa mtima kwanu ndikukumva. Kunyozedwa pa ntchito imene wagwira mwaulere kumawawa. Koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mkhatewo si wa a Zonsendimadziwa.

Nyimbozo zikadalimo. Chachoka ndi nkhope ya kompyuta chabe, ija ya mawindo ndi tizithunzi. Pitani lero ndi fulashi yokhala ndi Linux, muyatsire pa iyo, mukopere mafayilo onse pa disiki ina. Musakhudze china chilichonse musanachite zimenezi.

Mukatero yatsaninso kompyutayo mwa masiku onse, mulowe pa sikirini yakudayo. Mu foda ya /etc/apt/sources.list.d muzimitse magwero achilendo aja, chifukwa ndiwo abweretsa mapakeji osagwirizana ndi anzawo. Lembani sudo apt update, kenako sudo dpkg --configure -a, ndiyeno sudo apt --fix-broken install. Pulogalamu ya mavidiyo ija ikamakakamirabe, ichotseni, ukwati sutha chifukwa cha iyo. Malizani ndi sudo apt full-upgrade, muikenso pakeji ya desikitopu, nkhope ija imene inachotsedwa. Nthawi iliyonse ikakufunsani kuti muvomere, werengani kaye zimene ikufuna kuchotsa. Zikakhala zambirimbiri, kanani.

Za ulemu wanu, musakazengere mlandu pa sofa. Zikatheka, auzeni apongozi modekha kuti kompyutayi ikhale ndi woikonza mmodzi, asankhe okha. Akasankha winayo, tulani pansi katunduyo, mupume.

Sindikulonjezani kuti adzakuthokozani. Mwina adzati yadzikonza yokha. Koma chenjerani: nyimbozo zikafufutika, mnzanuyo adzangoti pepani n'kukwera galimoto. Mkazi wanu sadzamvanso mawu a mayi ake, ndipo tsiku lina adzadziwa kuti inu munkadziwa, n'kukhala chete dala.