Buku lafika, koma maso a bambo

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wanga. Kaya inu muli bwanji ku Halaleko? Ife kuno kunyanja tili bwino, kupatula bambo.

Mukukumbukira mlembi uja bambo amamukonda, amene buku lake ankatiwerengera tili ana? Atamva kwa aphunzitsi kuti watulutsa lina, sanakhazikike. Bambo ankafunsa aliyense wochokera ku siteshoni kuti, "Kodi mabuku abwera?" Lachiwiri ndinapita ku boma kukagulitsa usipa, ndipo ndinapeza anthu akulimbirana bukulo kwa wogulitsa wa ku mishoni. Ine ndinatenga lotsiriza.

Nditafika nalo, bambo anasamba m'manja, anavala jekete, n'kukhala pakhonde. Analinunkhiza akumwetulira. Atalitsegula analiyandikiza kumaso, kenaka analitalikitsa.

"Nachisale," anatero, "kodi osindikizawa inki inawathera?"

Ndinati, "Iyayi bambo, zilembo zikuoneka bwinobwino."

Analitseka. "Ndiye kuti vuto ndi ine. Chiyambire Pasaka ndikungoona nkhungu. Nyimbo za kutchalitchi ndimangoimba za pamtima kuti musadziwe."

Achimwene, ndinakalirira kuseri kwa nyumba. Tsopano ndimawawerengera masana aliwonse, koma ndimadodoma poti sukulu ndinalekera panjira. Iwo sadandaula, amangoti, "Bwereza pamenepo, mwanangu."

Chonde mufunse madokotala kumeneko ngati mandala angathandize. Ndipo ngati abwana anu angalole, bwerani msanga. Bambo akana kuti ndiwerenge mutu womaliza, akuti umenewo mudzawawerengera ndinu.

Ambuye akusungeni ku ntchitoko.

Ine mlongo wanu,
Nachisale